Musathamangire kufomata khadi la magemu

Ana anga, magemu amene ife tinkawasewera pa TV za chimsana zija, titakhala pansi mawondo atagundana, lero ali m'manja mwanu, ndipo zimandisangalatsa kwambiri. Super Mario Bros. ya 1985, Sonic ndi Street Fighter II za 1991, Tekken 3 ndi mpira wa Winning Eleven wa pa PlayStation yoyamba, zonsezi zikukwana pa memori khadi imodzi. Ena mwa inu muli ndi Raspberry Pi yoikamo RetroPie, ena munadzutsa kompyuta yakale n'kuikamo Batocera, koma ambiri muli ndi timakina ta m'manja tochokera ku China, kapena kandodo kaja kobaya kuseri kwa TV. Mayina ndi osiyana, kagwiridwe ka ntchito n'kamodzi: pulogalamu imadzisandutsa makina akale, n'kumawerenga fayilo ya gemu monga momwe makinawo ankawerengera katiriji kapena chimbale. Nawo madandaulo amene mumabwera nawo sasintha. "Malume, magemu anga asowa." "Malume, ikuti malo atha koma sindinaikemo kalikonse." Ndipo kawirikawiri mumafika mnzanu wina atakuuzani kale kuti mankhwala ake n'kufomata basi.

Tamverani. Kufomata kukhale chinthu chomaliza, mutayesa zonse ndiponso mutapulumutsa zofunika kupulumutsa. Pa khadilo pali zinthu zamitundu iwiri. Pali magemu enieniwo, amene mwina mungawapezenso kwina. Ndiye pali masevu, timafayilo tosunga pamene munafika, ndipo amenewa palibe wina aliyense padziko amene ali nawo. Pa RetroPie amakhala mufoda imodzi ndi gemuyo, dzina lake lofanana ndi la gemu koma lothera ndi .srm kapena .state. Pa Batocera ali ndi foda yawoyawo yotchedwa saves. Ndi tochepa kwambiri, moti masevu a .srm a magemu ambirimbiri angakwane pa fulashi yakale imene munaitaya m'kabati.

Ndinaonapo mnyamata wina atagwira kamakina kake ndi manja awiri, akukwera ndi kutsika pa sikirini, kufunafuna chinthu chimene panalibenso. Ankasewera Final Fantasy VII, gemu ya 1997 ya zimbale zitatu, mosinthana ndi mkulu wake asanapite kukagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo munthu wa m'gemumo anamutcha dzina la mkulu wakeyo. Anali atafika chimbale chachitatu. Tsiku lina mndandanda wa PlayStation unasowa, wina n'kumufomatira khadi mwachifundo ndithu, n'kumuikiranso magemu ochuluka kuposa akale. Gemuyo inabwerera, koma inayambira pachiyambi. Mnyamatayo sanalire, anangoti, "Ndiye kuti zonse zija zapita?" Ine ndinasowa chomuyankha. Chifukwa chake ndikuti, chinthu chikangoyamba kuvuta, musanasinthe kanthu, kopani masevu muwaike pena. Kukopa kwake sikutenga ndi mphindi zisanu zomwe.

Mukatero, funso loyamba ndi ili: kodi gemuyo yachokadi pa khadi, kapena ilipo koma mndandanda sukuionetsa? Zimene mumaona pa sikirini, zithunzi zokongola ndi mayina oyenda mmwamba ndi mmunsi, si khadilo ayi. Ndi pulogalamu ina yotchedwa EmulationStation, imene ntchito yake n'kusuzumira m'mafoda n'kukuonetsani zimene yazizindikira. Imalakwitsa, ndipo ili ndi malamulo ake. Choncho pitani mukaone ndi maso anu mufoda ya roms. Mukaipeza fayiloyo ili phee pamalo pake, kukula kwake kuli bwinobwino, mtima ukhale pansi. Palibe chatayika.

Kawirikawiri vuto limakhala laling'ono. EmulationStation imawerenga mafoda pamene ikuyaka, ndiye gemu imene mwaiponya pamene ili yoyaka kale siiona kufikira mutaiyambitsanso. Pa RetroPie dinani Start, pitani pa Quit, sankhani Restart EmulationStation. Pa Batocera muli Update Gamelists pansi pa Game Settings. Palinso kabatani kena m'masetingi kotchedwa Parse Gamelists Only. Anthu amakayatsa kuti makina aziyaka msanga, kenako n'kuiwala. Kakayaka, pulogalamuyo siyang'ananso m'mafoda, imangokhulupirira mndandanda wakale wolembedwa mufayilo ya gamelist.xml, ndipo gemu yatsopano ngakhale ikhale pamalo oyenera siioneka. Kazimitseni.

Kenako onani foda ndi mchira wa dzina la fayilo. Makina aliwonse akale ali ndi foda yawo: nes, snes, megadrive, gba, psx. Gemu ya Game Boy Advance mukaiika mu snes, musadabwe. Foda iliyonse imalandira michira yodziwika yokha. Pa Batocera, mufoda iliyonse muli kafayilo ka _info.txt kamene kamakuuzani michira yololedwa, ndipo pa RetroPie zalembedwa mu es_systems.cfg. Fayilo ya .zip imalandiridwa m'mafoda ambiri, koma ya .rar nthawi zambiri iyenera kumasulidwa kaye. Dziwaninso kuti makinawa amayendera Linux, imene imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kotero kuti .gba ndi .Gba kwa iyo ndi zinthu ziwiri. Ndipo ngati mufoda mulibe gemu ngakhale imodzi yodziwika, EmulationStation imabisa makina onsewo. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha, kuganiza kuti PlayStation yonse yafufutika, chikhalirecho ndi foda chabe imene dzina lake lasinthidwa mwangozi kapena yakokeredwa mkati mwa inzake.

M'nyumba muli ana aang'ono? Onani ngati sanalowe mu Kid mode. Imeneyi imaonetsa magemu okhawo amene anasankhidwa kuti ndi a ana, ena onse n'kuwabisa, pamodzi ndi masetingi ambiri. Pa RetroPie njira yotulukira ndi mabatani aja amene aliyense wa msinkhu wanga amene anasewerapo Contra amawadziwa pamtima: mmwamba kawiri, mmunsi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A. Ndimakondwa kuti anthu amene anapanga pulogalamuyi anasankha zimenezi, zikuonetsa kuti nawonso anakulira pa magemu omwewa.

Palinso kusowa kwa magemu onse nthawi imodzi. Ngati mumasunga magemu pa fulashi kapena pa hadi disiki yapadera, Batocera ikayaka osaipeza imabwerera ku malo ake a mkati, amene mwina mulibe kanthu. Waya wagwedera, kapena magetsi a pa USB achepa. Timakina ta m'manja tambiri tili ndi malo a makhadi awiri, lina loyendetsa makina, lina la magemu, ndipo mumasetingi mumafunika kutiuza kuti tiwerenge liti. Zimitsani bwinobwino, zulani, pukutani, bwezeretsani, muone.

Gemu yooneka pa mndandanda koma yokana kutseguka, sikirini kungoda kanthawi n'kubwerera, imeneyo ndi nkhani ina. PlayStation imafuna fayilo ya BIOS, monga scph5501.bin, mufoda ya BIOS, dzina lake lolembedwa ndendende. Magemu a Neo Geo amafuna neogeo.zip. Gemu ya chimbale imabwera ndi mafayilo awiri kapena kuposerapo, .cue ndi .bin, ndipo .cue ndi kapepala chabe kotchula dzina la .bin. Mukasintha dzina la .bin kuti lioneke bwino, .cue imaitana munthu amene kulibe. Itseguleni ndi pulogalamu yolembera, mukonze dzinalo. Magemu a arcade ndiye ovuta kuposa onse, chifukwa mtundu uliwonse wa MAME, pulogalamu imene imawayendetsa, umafuna mafayilo a nthawi yake: mame2003 imafuna a MAME 0.78, ndipo a mtundu wina ambiri amakana. Apa palibe chimene kufomata kungathandize ngakhale pang'ono.

Tsopano za malo kutha. Musanafufute kalikonse, yezani. Pa RetroPie lumikizani kiyibodi, dinani F4, lembani df -h, ndipo mudzaona kukula kwa khadi ndi gawo limene ladzaza. Kenako lembani du -sh ~/RetroPie/roms/* kuti foda iliyonse idziulule kulemera kwake. Musaope sikirini yakudayo. Malamulo awiriwa amangowerenga, saononga kanthu. Khadi la 64 GB likaonetsa pafupifupi 59, kapena la 128 likaonetsa 119, sanakubereni, ndi kusiyana kwa kawerengedwe ka opanga makhadi ndi ka kompyuta. Koma la 64 likaonetsa 4 kapena 8 pa Raspberry Pi, mwina gawo lake silinatambasulidwe pamene munaikamo RetroPie. Mu raspi-config muli Expand Filesystem, ndipo ikatha ntchito yake malo onse amabwera.

Mukayeza mudzaona chinthu chimene ambiri sachiganizira. Super Mario Bros. yonse ndi 40 KB. Magemu aakulu kwambiri a Super Nintendo anafika 6 MB, a Nintendo 64 anafika 64 MB. Koma chimbale chimodzi cha PlayStation chimatha kupitirira 600 MB, cha Dreamcast chimafika 1 GB, cha PSP 1.8 GB. Ndiye munthu amakhala usiku wonse akufufuta magemu a NES mazanamazana, malo osasintha, pamene gemu imodzi ya PSP imene makina ake sangathe n'komwe kuiyendetsa bwino yakhala pamenepo ikudya malo a magemu a NES masauzande. Yambani ndi mafoda olemera. Magemu a zimbale asandutseni kukhala .chd pogwiritsa ntchito kapulogalamu ka chdman, kochokera kwa anthu a MAME. Kamapanikiza chimbale popanda kutaya kanthu, .cue ndi .bin zake zonse n'kukhala fayilo imodzi, ndipo malo amatsala ambiri. Yesani kaye kuti .chd ikutseguka musanataye zoyambazo.

Akuba malo ena amabisala. Zithunzi ndi timavidiyo tija timene timasewera pambali mukaloza gemu, kamodzi kokha kamatha kulemera kuposa gemu yake kambirimbiri. Mukakopera timavidiyo ta magemu masauzande, mwadzaza khadi ndi zotsatsa za magemu m'malo mwa magemu. Pa Batocera tili m'mafoda a videos ndi images mkati mwa foda ya makina aliwonse, pa RetroPie zambiri zimakhala mufoda ya .emulationstation, imene siioneka chifukwa dzina lake limayamba ndi kadontho. Mukafufuta mafayilo pa fulashi kapena khadi mutalumikiza ku kompyuta ya Linux kapena Mac, nthawi zambiri sachoka, amangosamukira mufoda yobisika ya zinyalala pa khadi lomwelo, ndipo malo sabwerera mpaka mutataya zinyalalazo. Wina ndi uyu, amene wakola anthu ambiri a RetroPie: fulashi yokhala ndi foda yotchedwa retropie, mukaibaya, magemu ake amakopedwa kulowa pa khadi. Amene mumafuna kuti magemu aziseweredwa kuchokera pa fulashi pomwepo, dzina la foda liyenera kukhala retropie-mount. Kusiyana kwa mawu amodzi, khadi n'kudzaza lokha inu mukumwa tiyi.

Khadi lodzaza mpaka pakamwa ndi loopsa kuposa mmene mukuganizira, ndipo apa ndi pamene matenda awiri aja amakumana. Makina amafuna malo olembapo sevu, masetingi ndi mndandanda wa magemu. Akasowa malo pakati pa kulemba, fayiloyo imatsala yoduka kapena yopanda kanthu. Mawa lake mukuyatsa, mndandanda wasokonekera, padi sikudziwika, sevu ya dzulo kulibe. Munthu n'kumati magemu asowa, chikhalirecho chinayambitsa zonse ndi kudzaza. Siyani malo opumira, ngakhale 2 GB kapena 3 GB, ndipo muziwaona ngati si anu.

Koma pali vuto limodzi limene ndikufuna mulimvetse kuposa onse, chifukwa kuno kwathu lafala: khadi labodza. Mukudziwa ndowa ija ya pamsika imene pansi pake anakhomerera mkati, kunja ikuoneka yathunthu koma chimanga cholowamo n'chochepa. Makhadi ena ali choncho. Pamwamba alemba 128 GB kapena 256 GB, dzina la kampani yodziwika analidinda bwinobwino, ndipo kompyuta nayo imavomereza nambalayo chifukwa kachipangizo ka mkati anakaphunzitsa kunama. Malo enieni ndi 16 kapena 32. Masiku oyamba zonse zimayenda. Mukadutsa malire enieniwo, khadilo silikana, limalandira ndithu, koma zimene mwaikazo zimapita kosadziwika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. Zizindikiro zake ndi izi: mayina a mafayilo alipo koma magemu satseguka, mafoda akusanduka zilembo zosawerengeka, magemu amene munaika poyamba akuyenda pamene a posachedwapa onse ndi akufa. Khadi lotere mukalifomata limaoneka ngati lachira, mumathera bandulo ndi masiku kuikamonso zinthu, kenako pa malire omwe aja limayambiranso.

Njira yodziwira ilipo ndipo ndi yaulere. Pa Windows pali H2testw, pa Linux pali F3. Zimalemba khadi lonse mpaka kumapeto kenako n'kuwerenga zimene zalembazo, ndipo bodza limaonekera poyera. Zimatenga maola, ndipo khadi liyenera kukhala lopanda kanthu kuti liyezedwe lonse, n'chifukwa chake nthawi yabwino yoyeza ndi tsiku logula, musanaikemo chilichonse, risiti ikadali m'thumba. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa m'masitolo odalirika, dzifunseni chifukwa chake. Wogulitsa wa pa benchi mwina nayenso sakudziwa, anaoda katoni yonse momwemo, ndiye musakamunyoze, koma musagulenso. Khadi lenileni la 32 GB likuposa labodza la 256 GB kutalitali. Makhadi opanda dzina amene amabwera kale m'timakina ta m'manja nawonso sakhalitsa. Sabata yoyamba yomwe kopani zonse zili pamenepo, muziike pa khadi labwino.

Mukalowetsa khadi la RetroPie kapena Batocera mu kompyuta ya Windows, chenjerani ndi kabokosi kamene kamatulukira kokufunsani ngati mukufuna kufomata. Windows siwerenga ext4, mtundu wa gawo limene Linux imasungapo zinthu, ndiye imaliona ngati loonongeka. Silinaonongeke. Kanani. Magemu atumizeni kudzera pa netiweki ya m'nyumba kapena pa fulashi. Fulashiyo ikakhala ya FAT32, kumbukirani kuti siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, ndipo ikakana imatha kulankhula ngati malo atha pamene malo alipo ambiri.

Za magetsi sindifunika kukuuzani zambiri, mukuzidziwa. Magetsi akathima makina ali pakati pa kulemba, khadi limavulala. Chimodzimodzi mukazula chaja pakhoma chifukwa amayi aitana. Zimitsani kudzera pa Shutdown System, dikirani kagetsi kobiriwira ka pa Raspberry Pi kasiye kuphethira, kenako zulani. Amene muli ndi pawa banki yamphamvu, seweretsani pamenepo nthawi imene magetsi akuvutavuta. Chaja chofooka nachonso chimadwalitsa khadi pang'onopang'ono, ndipo kachizindikiro ka mphezi kakaoneka pakona ya sikirini, ndiko kukuuzani kuti mphamvu ikuchepa.

Ndinenepo za dyera, chifukwa ndi limene limadzaza makhadi ambiri. Nthawi yathu kunali makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999999, ukatsegula n'kupeza magemu ochepa omwewo akungobwerezedwa ndi mayina ena. Lero malonda omwewo abwera ndi timakina tolonjeza magemu masauzande ambirimbiri. Tsegulani foda muone: gemu imodzi ili ya America, ya Europe, ya Japan, ina yokonzedwanso, ina yoyesera, ina ya chilankhulo chimene simungawerenge. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndimaona achinyamata akutha theka la ola akuyendayenda pa mndandanda, gemu iliyonse mphindi ziwiri, osamaliza ngakhale imodzi. Ife katiriji imodzi tinkaidziwa mpaka kobisika konse, chifukwa inali yomweyo. Sindikunena kuti umphawi wathu unali wabwino ayi. Ndikunena kuti magemuwa anapangidwa ndi anthu amene anakhalira pansi miyezi ndi zaka, kuyeza kulumpha kulikonse ndi nyimbo iliyonse, ndipo amakoma mukawapatsa nthawi. Sankhani amene mumawakondadi, mtundu umodzi wa gemu iliyonse, enawo muwasamutsire pa hadi disiki. Ndati kuwasamutsa, osati kuwataya, chifukwa chimene chili pa intaneti lero sichikhala pamenepo mpaka kale. Mu 2018 EmuParadise, amene anali malo aakulu a magemu akale, anachotsa magemu ake poopa milandu, pakuti magemuwa ali ndi eni ake. Amene muli ndi zimbale zanuzanu za PlayStation m'nyumba, zikopeni nokha pa kompyuta zisanakalike, imeneyo ndiyo njira yopanda chikayiko.

Nthawi yofomata imafika ndithu. Ngati makina akukana kuyaka ngakhale mwayesa chaja china, kapena mafayilo akuonongeka mobwerezabwereza, palibe kuchitira mwina. Pamenepo pezani kompyuta ya Linux, kapena yatsani kompyuta iliyonse ndi fulashi ya Linux, kuti muwerenge khadilo. Kopani masevu poyamba, kenako foda ya BIOS, kenako masetingi a mapadi, magemu pomaliza, kuti khadi likafera panjira zofunika zikhale zitatuluka kale. Mukatha kukopa, lifomateni, kenako liyezeni ndi H2testw kapena F3. Likalephera, kapena likayamba kukana kulembedwa n'kumangolola kuwerengedwa, latha ntchito, musaliikirenso kanthu ndipo musampatse mng'ono wanu. Likapambana, ikaninso pulogalamu, bwezerani BIOS, ikani gemu imodzi ndi sevu yake, muitsegule muone ngati yakufikitsani pamene munasiyira. Ikatero, bweretsani enawo foda imodzi imodzi, mukuyang'ana df -h pakati pake.